Kompyuta Imene Inakhulupirira Boma

Kodi mungalote kuti ndi katundu uti amene amayenda malonda kuposa wina aliyense pa Msika wa Nong'onani m'mwezi wa Okutobala, mwezi umene phula la mumsewu limamata kunsi kwa nsapato ndipo nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa? Mwina mwati madzi ozizira. Mwina mwati maambulera, kapena zipewa za mlaza. Lisungeni kaye yankho lanulo, muyambe mwamva za Mayi Ferista Gomile ndi ophunzira awo khumi ndi awiri.

Msika wa Nong'onani uli mumzinda wa Tavomera, likulu la Ufumu wa Zilibwino. Chikhalire pampando Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, dziko limeneli silinaonepo vuto ngakhale limodzi. Izi si nkhambakamwa ayi, zinalembedwa m'mabuku a boma.

Mayi Gomile ankaphunzitsa pa Koleji ya Luso ya mumzindamo, ndipo phunziro lawo linali lomanga nyumba mu kompyuta isanamangidwe pansi. Wophunzira ankajambula nyumba n'kuiuza kompyuta kuti makoma ndi a njerwa zotani, denga ndi la malata kapena la udzu, mazenera ayang'ana kuti. Kenako ankaidyetsa manambala a nyengo: kutentha kwa kunja, maola amene dzuwa limawala, kumene mphepo imachokera. Kompyuta inkabweza chithunzi. Chipinda chotentha chinkaoneka chofiira, chozizira chinkaoneka chabuluu, ndipo pansi pake inkalemba kuchuluka kwa magetsi amene nyumbayo idzadye kuti anthu akhalemo osawawuka. Mayiwa anali ndi lamulo limodzi lokha, limene ankalibwereza mpaka ophunzira analitopa nalo. Ankati kompyuta ili ngati chigayo, ukathiramo mapira usadikire ufa wa chimanga, ndipo ufa ukatuluka dzanja la munthu lisaukhudze.

Ku Zilibwino setifiketi siipezeka ndi mayeso okha. Kalasi iliyonse yomaliza imayenera kukaonetsa luso lake pamaso pa Mfumu, pa ntchito imene nduna yasankha. Mfumu ikasangalala imadinda masetifiketi onse pompo. Ikakwinya nkhope, kalasi yonse imabwerera kwawo chimanjamanja ndipo phunzirolo limatsekedwa. Zinawachitikira ophunzira za milatho, amene ananena kuti Mlatho wa Chiyamiko uli ndi mng'alu. Mpaka lero amagulitsa tomato m'mbali mwa mlathowo, kwa anthu amene akupinda mathalauza kuti awoloke pansi pake.

Chaka chimenecho a Kafotokoze, Nduna ya Zomangamanga ndi Kuyamikira, anasankha Nyumba ya Chiwalitso, bwalo latsopano limene Mfumu inkakumaniramo ndi nduna zake. Nyumbayi inajambulidwa ndi Mfumu yomwe, pakapepala, itangodzuka. Makoma onse anayi anali galasi lokhalokha kuti anthu aziona kuti boma likugwira ntchito. Mazenera sankatseguka, kuopa kuti anthu angamve ntchito yake. Denga linali la malata akuda, chifukwa Mfumu imakonda zakuda. M'kati munali makina oziziritsira makumi anayi, ndipo akawayatsa m'mawa magetsi ankazima mu Tavomera monse. Zigayo zinkaima, owotcherera zitsulo ankakhala pansi kusewera bawo, ometa ankasiya mitu ya anthu theka. Ngakhale zinali choncho, nduna zinkatuluka m'bwalomo malaya atamata kumsana. Chimene Mfumu inkafuna chinali chaching'ono: kompyuta itsimikize kuti pansi pa thambo palibe nyumba yomangidwa mwanzeru ngati imeneyi.

Ophunzira anagwira ntchito masabata atatu. Anayeza makoma ndi denga, anaimika tizipangizo toyezera kutentha kunja kwa mpanda, nalemba zonse m'kope. Atathira manambalawo mu kompyuta, Nyumba ya Chiwalitso inatuluka yofiira ngati khala la moto. Masana m'katimo munkafika madigiri makumi anayi ndi imodzi. Koma mankhwala analipo, ndipo ophunzira anawapeza okha: khonde lalikulu kumadzulo, mipata yotulukira mpweya pamwamba, denga lopakidwa zoyera, mzere wa mitengo ya mthunzi. Ndi zimenezi makina asanu ndi atatu okha akanakwana. Mayi Gomile anayang'ana ntchitoyo mtima uli m'malo. M'zaka zawo zonse anali asanaphunzitsepo kalasi yakuthwa chotere.

Kutatsala masiku anayi kuti kalasi ikaonekere pamaso pa Mfumu, a Kafotokoze anabwera kudzaonerapo. Analowa akudzikupiza ndi fayilo, nayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati utoto wabuluu unatha mu kompyutamo, poti ngati ndi choncho unduna ukhoza kuthandiza. Amene anayankha anali Mwatitha Chikuse, mtsikana wotsogola m'kalasimo, mwana wa mmisiri womanga nyumba, amene lilime lake linali lisanaphunzire kugwada. Anati buluu alipo wambiri, koma nyumbayo ndi imene ikumukana.

Ndunayo sinamuyang'ane n'komwe. Inatembenukira kwa aphunzitsi n'kufunsa kuti manambala a nyengowo anawatenga kuti.

"Tinayeza tokha, bwana," anatero Mayi Gomile.

"Munayeza nokha." A Kafotokoze anatsitsa fayilo ija pang'onopang'ono. "Mayi, dziko lino lili ndi Ofesi ya Nyengo, yokhala ndi mlonda pachipata ndi mbendera pamwamba. Inu mwatenga ana a eni ake n'kukawaimika padzuwa kuti adziyezere nyengo yawoyawo. Aliyense akamadziyezera nyengo yake, boma likhalapo?"

Analamula kuti kope lija litsekeredwe m'kabati, ntchito yonse ibwerezedwe ndi manambala a m'Buku la Nyengo la Boma, ndipo pochoka anawakumbutsa mokoma mtima kuti kumlatho kuja malo ogulitsira tomato akadalipo.

Pano mpofunika kufotokoza mwambo wina umene mlendo sangaudziwe. Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira kulongedwa ufumu kwa Sindilakwa, mkulu wa ofesi iliyonse amagwada pabwalo n'kutula zabwino, kutanthauza kunena chinthu chimodzi chimene chakhala bwino kuposa chaka chatha. Wa zamisewu amati maenje achepa, wa zachipatala amati odwala akuchira asanafike. Chaka choyamba mkulu wa Ofesi ya Nyengo anasowa chotula, poti mvula inali itavuta, ndiye anangoti kutentha kwa Okutobala kwatsika ndi digiri imodzi chifukwa cha utsogoleri wabwino. Anthu anawomba m'manja, Mfumu inadinda. Chaka chachiwiri sakanatha kunena kuti kwakweranso, ndiye anatsitsa ina. Ataona kuti digiri imodzi yayamba kuchepera ulemu wa Mfumu, anayambanso kudula maola a dzuwa ndi kuwonjezera mitambo.

Mayi Gomile anapita ku ofesiyo masana omwewo. Anapeza mkuluyo, a Ndaziona Phwitiko, atavula malaya, mapazi ali m'beseni la madzi pansi pa tebulo. Atamva chimene abwerera, bamboyo anadabwa kwambiri. Anati pa zaka zonsezi palibe munthu anabwerapo kudzapempha bukulo, ngakhale iwo eni ake amalitsegula kamodzi pachaka. Analipukuta fumbi ndi malaya aja n'kulipereka. Mayiwo anatsegula tsamba lomaliza. Okutobala wa ku Tavomera, dzuwa likuswa mtengo: madigiri khumi ndi anayi. M'mawa: asanu. Dzuwa: maola awiri patsiku, lofatsa.

Anafunsa kuti nanga chaka chamawa zidzakhala bwanji.

"Khumi ndi atatu, Mulungu akatisungira Mwinidziko," anatero a Phwitiko, akuvundula madzi ndi zala za kumapazi. "Ine ndinawerengera kale. Ndidzapuma pantchito tili pa asanu ndi anayi. Za madzi kuundana adzaziona wobwerayo."

M'mawa mwake ophunzira anathira manambala a boma mu kompyuta, osasintha ngakhale nambala imodzi. Ku Zilibwino kunalibe munthu, kuyambira nduna mpaka wogulitsa mandasi, amene anakhulupirirapo manambala amenewa. Wailesi ikamawalengeza, anthu ankangopukuta thukuta n'kupitiriza ntchito. Koma kompyuta inali yachilendo m'dzikomo, ndipo inali isanaphunzire ulemu womva osakhulupirira. Inalandira zonse ndi mtima umodzi. Nyumba ya Chiwalitso inasanduka yabuluu kuyambira pakhomo mpaka pampando wa Mfumu, ndipo pansi pake panalembedwa malangizo: makina onse makumi anayi azimitsidwe chifukwa akuzunza anthu, ming'alu ya m'zitseko imatidwe kuti chisanu chisalowe, ndipo m'bwalomo muikidwe mbaula zisanu ndi zitatu.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kenako mmodzimmodzi anayamba kukumbukira kuti mawu amenewa ayenera kukawerengedwa pamaso pa Mfumu, ndipo chiseko chinazilala.

"Madamu, bambo anga amanga nyumba zaka makumi atatu osadziwa kulemba dzina lawo," anatero Mwatitha, "koma sanaikepo mbaula mu uvuni. Ine ndiye ndikayambe, ndi sukulu yonseyi?"

Wina anati angofufuta malangizowo n'kusiya buluu yekha, Mfumu isangalale, nkhani ithe. Mayi Gomile anayang'ana nkhope khumi ndi ziwiri zija, ana amene anawalandira asakudziwa ngakhale poyatsira kompyuta, ndipo anadziwa kuti kufufuta mzere umodzi kunali kosavuta ngati kuphethira. Koma zaka zitatu anali atawauza kuti dzanja lisakhudze ufa, ndipo akanati aukhudze iwo eni ake, setifiketi imene anawo akanalandira ikanakhala pepala lokulungira usipa. Kukaonetsa chithunzi chofiira chija kunali kuwaperekeza kumlatho. Pamapeto pake ananena kuti safufuta kanthu, koma awonjezera mzere umodzi pamwamba. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu: MALINGA NDI BUKU LA NYENGO LA BOMA, LODINDIDWA NDI DZANJA LA MFUMU.

Chifukwa anali munthu wachilungamo, anapita kukachenjeza a Kafotokoze. Ndunayo inangoona mtundu wa chithunzicho, nkhope yonse n'kuwala. Mayiwo atapempha kuti iwerengenso za pansizo, inati iyo yaona buluu, zina zonsezo ndi phokoso la anthu ophunzira.

Tsiku linafika, Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. M'Nyumba ya Chiwalitso makina makumi anayi ankalira ngati njuchi, ndipo mpweya unali ngati wa m'kamwa mwa ng'ombe. Nduna makumi awiri zinakhala m'mizere, iliyonse ndi kansalu kopukutira. Mfumu Sindilakwa inali pampando wake, anthu awiri akuikupiza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu mpaka kudontha kuchibwano. Masetifiketi khumi ndi awiri anali patebulo, chidindo chili pambali pake.

A Kafotokoze analankhula ola lathunthu. Anati makolo athu ankamanga ndi matope chifukwa analibe Sindilakwa, ndipo lero ngakhale makina a kunja abwera kudzagwada. Chithunzi chabuluu chitaonekera pakhoma, nduna zonse zinaimirira kuwomba m'manja. Mfumu inamwetulira, dzanja lake n'kuyamba kulowera kuchidindo. Kenako inaima n'kufunsa kuti timalemba ta pansito tikuti chiyani, poti maso ake analowa thukuta.

Mayi Gomile anafuna kuyankha okha, koma mwambo umati wophunzira ndiye awerenge. Mwatitha anagwada n'kuwerenga zonse, kuyambira mzere wa pamwamba uja mpaka mbaula yachisanu ndi chitatu.

Okupiza aja anaima manja ali m'mwamba. A Kafotokoze anayang'ana chitseko ngati akuyeza kutalika kwake.

Mfumu inafunsa kuti ndani wauza makinawa kuti kuno kukuzizira. Mayi Gomile anagwada, nayenda ndi mawondo mpaka patebulo, natsegula Buku la Nyengo. Anaonetsa tsamba ndi tsamba osadumpha, ndipo pansi pa tsamba lililonse panali chidindo chofiira cha Mfumu, zidindo khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Mwinidziko, kompyuta ilibe khungu," anatero. "Siimva kutentha kapena kuzizira. Imangokhulupirira chimene yauzidwa, ndipo ife tinaiuza mawu anu okha."

Mfumu inayang'ana bukulo. Inayang'ana denga lakuda lija. Njira zinalipo ziwiri basi. Kapena Sindilakwa anadinda bodza kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, kapena Sindilakwa anali kumva kuzizira. Dontho la thukuta linatsika pamphuno pake, linalendewera kanthawi, n'kugwera pa Okutobala wa chaka chatha. Mayi Gomile anali atayamba kale kuganiza za mawu amene akauze makolo a anawo.

Pamenepo Mfumu inakweza mapewa pang'onopang'ono, n'kupinda manja pachifuwa.

"N'chifukwa chake," inatero. "Ndakhala ndikumva kanthu m'mafupamu chaka chonsechi, koma panalibe mmodzi mwa inu wondiuza. Mpaka ana a sukulu."

Woyamba kunjenjemera anali a Kafotokoze. Anayamba ndi mawondo, kenako mano, mwaluso ndithu, moti aliyense anaona kuti undunawo sanaupeze mwangozi. Nduna ya Zachitetezo inayamba kufikisa manja ndi kuwauzira mpweya. Ya Zaulimi inayetsemula kawiri. Posakhalitsa bwalo lonse linali gwagwagwa, anthu makumi awiri onyowa ngati atuluka mumtsinje akudandaulirana za chisanu cha chaka chino. Okupiza aja anathamangitsidwa ndipo anauzidwa kuti ali ndi mwayi kuti sanaimbidwe mlandu wofuna kupha Mfumu ndi chibayo. Makina anazimitsidwa amodziamodzi. Ndipo Mfumu, ndi dzanja loterera, inadinda masetifiketi onse khumi ndi awiri.

Lolemba lotsatira kunatuluka lamulo la ndime zitatu. Yoyamba inati mbaula zisanu ndi zitatu ziziyaka m'Nyumba ya Chiwalitso nthawi zonse za ntchito. Yachiwiri inati thukuta ndi chizindikiro cha kusakhulupirira boma, ndipo wopezeka nalo m'bwalo adzafotokoza. Yachitatu inati aliyense wobwera kudzapempha chilolezo, kudzadandaula, kudzamva mlandu kapena kudzathokoza, avale molemekeza nyengo ya boma. Misonkhano ya nduna, imene kale inkatha tsiku lonse, inayamba kutha mphindi khumi, ndipo anthu ena okonda dziko lawo akuti boma silinayendepo bwino chotere.

Loweruka Mayi Gomile anatsikira ku Msika wa Nong'onani kukagayitsa chimanga. Ali kutali anamva phokoso limene anali ataliiwala: zigayo zitatu zikulira masana, owotcherera zitsulo akuthwanimitsa moto, mawailesi akulimbana. Mwini chigayo, a Jailosi, anakana kuti mayiwo aime pamzere. Anati amene anaziziritsa Mfumu saima padzuwa. Anawauzanso kuti amsika anapangana kale, ndipo aliyense amene adzayerekeze kunena kuti kunja kukutentha pamene pali munthu wa boma adzalandidwa benchi logulitsirapo. Ali chilankhulire, galimoto ya a Kafotokoze inaima pamphambano, ndipo amayi ogulitsa masamba anayandikira mwaulemu kukapepesa bwana chifukwa cha chisanu, n'kuwalangiza kuti akweze galasi angadwale. Bwanayo anakweza.

Mwatitha anawapeza pomwepo, akukupiza nkhope ndi envelopu imene munali setifiketi yake. Sanapereke moni wautali. Anafunsa kuti tsono pa zonsezi iwo aphunzirapo chiyani, poti mayeso akhoza ndi yankho limene aliyense akudziwa kuti ndi lopenga.

Mayi Gomile anayang'ana ufa ukutsika m'thumba. Anati ntchito yoona ija, ya khonde ndi mitengo, ikanasiya makina asanu ndi atatu akuyaka, ndipo ikanakanidwa, osazima ngakhale amodzi. Yopengayi yazimitsa makumi anayi.

"Zimenezi sindidziwa kuti ndingaziphunzitse bwanji, mwanawe, ndipo sindikufuna kuziphunzitsa," anatero. "Iwe ukamakamangira anthu, uzikayeza wekha. Koma uzikayeza mlonda atayang'ana kumbali."

Mtsikanayo anaseka koyamba sabata imeneyo, nawasenzetsa thumba lija. Potuluka anavutika kudutsa pachipata cha kumpoto, chimene chimayang'ana ku Nyumba ya Chiwalitso, chifukwa panali chikhamu cha anthu. Ku Zilibwino palibe chimene munthu angachite osapita kukagwada kubwalo, kaya ndi kukumba chitsime, kaya kutsegula okala, kaya kusintha dzina la mwana, ndipo onsewo tsopano amayamba adzera pachipata chimenechi. Anali kukankhana, kulandana, kuyesa ndi kuvula, thukuta likuyenderera m'makosi, ogulitsa akusasa mawu ndi kuitanira.

Katundu amene amayenda malonda kuposa wina aliyense pa Msika wa Nong'onani m'mwezi wa Okutobala ndi majuzi a ubweya.